Pagombe Pathu: Mfundo yabwino ndi imene imamasuka

 

Sabata yatha ndinalandira kalata yochokera kwa bambo wina wa ku Ngoo. Dzina lawo ndilisunga poti nkhani yake ndi ya m'banja. Bambowa ali ndi chombo cha thanga chimene anawasiyira malume awo, ndipo ndicho chalera ana awo onse. Tsono mwana wawo wachisamba, amene anayenera kudzalandira chombocho, wakana kwamtuwagalu kuphunzira za thanga. Akuti zimenezo ndi za agogo. Iye akufuna atenge ngongole agule injini, mlongoti auzule, ndipo nsalu ya thanga azifunditsira usipa pa thandala mvula ikamagwa. Bambowa anamaliza kalata yawo ndi funso lakuti: "Inu a pawailesi mumayenda, tatiuzani, wolakwa ndani pakati pa ine ndi mwanayu?"

Bambo, ine si mfumu ndipo tsamba lino si bwalo la milandu. Koma funso lanu landikumbutsa tsiku limene ndinatsala pang'ono kusiya mafupa anga pansi pa nyanja chifukwa cha kanthu kakang'ono zedi, mfundo ya chingwe. Ndiloleni ndiyambe ndi nkhani imeneyo, yankho lanu mulipeza kutsogoloku.

Chaka chatha m'mwezi wa Julayi, akuntchito anandituma ku Cóbuè kukajambula mawu a asodzi. Ntchito itatha ndinati ndiwolokere ku Likoma ndikaone azakhali anga. Tinakwera chombo cha thanga m'mawa dzuwa lisanatenthe. Tinalimo anthu 14, mitolo ya nkhuni, matumba a chinangwa chouma, mbuzi imodzi, ndi mayi wina wodwala amene abale ake ankapita naye kuchipatala. Woyendetsa anali mkulu wa imvi, wosalankhulalankhula, ndipo anakhala kumbuyo atagwira chiwongolero. Omuthandiza anali anyamata awiri. Wamng'ono pa awiriwo, mdzukulu wa mkuluyo, ndiye anapatsidwa chingwe chimene chimachokera pa ngodya yam'munsi ya thanga, chija amakoka kapena kulekerera pofuna kuti thanga ligwire mphepo bwino.

Mphepo inali yabwino, chombo chikuyenda myaa, Likoma akuoneka poteropo. Mnyamata uja manja anamutopa, komanso ankafuna kuona za m'foni yake. Choncho anakulunga chingwe chija pa thabwa lokhalira nachimanga mfundo iwiri yotsatizana, monga timamangira thumba la chimanga, ija Apwitikizi amati nó cego. Ine ndinaona, koma sindinadziwe kuti pali cholakwa.

Titafika pakati, mkulu uja anatembenuka nayang'ana kumwera. Nanenso ndinayang'ana. Madzi anali atada bii, ndipo pamwamba pake panali tizigamba toyera tikubwera mothamanga. Mkuluyo anangoti, "Masula!" Mnyamata anagwira mfundo ija, koma mphepo inali itafika kale. Thanga linadzaza, chingwe chinakungika ngati nsambo ya bangwe, ndipo mfundo yonyowa ija inathina ngati mwala. Anayesa ndi zala, anayesa ndi mano, osatheka. Chombo chinapendekeka mpaka madzi anayamba kulowera m'mphepete ngati mtsinje. Amayi anayamba kulira, mbuzi nayo ikulira, matumba akutsetserekera mbali yomweyo imene tinkamirira. Mkulu uja anakankha chiwongolero kuti mutu wa chombo uloze kumphepo, koma chombo cholemedwa sichimva msanga. Chimene chinatipulumutsa ndi mpeni wotumbulira nsomba umene mnyamata wamkulu uja anali nawo m'chiuno. Anadula chingwe, thanga linakupiza ngati kulira kwa mfuti, chombo chinadzuka.

Tinakapa madzi ndi zigubu zodula kwa nthawi yaitali. Tinataya mitolo iwiri ya nkhuni ndi thumba limodzi, ndipo makina anga ojambulira mawu anafera pomwepo pamodzi ndi ntchito ya masiku atatu. Mkulu uja sanamenye mdzukulu wake kapena kumutukwana. Atalumikiza chingwe china anangomuuza motsitsa mawu kuti: "Mfundo imene sungaimasule ndi dzanja limodzi, usamaimange pa thanga."

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufunsa akuluakulu a zombo ndi kuwerenga zimene ndingapeze, kuti ndimvetse chimene chinachitika. Zimene ndaphunzira ndi izi.

Ambiri a ife timaganiza kuti thanga lili ngati chitenje choyanika pa chingwe, mphepo imangolikankha kuchokera kumbuyo basi. Zimenezo ndi zoona pokhapokha pamene mukupita kumene mphepo ikupita. Koma chombo chimathanso kuyenda mphepo ikuchokera cham'mbali, ngakhalenso chakutsogolo pang'ono. Thanga likakungidwa bwino limapindika ngati phiko la mbalame, ndipo mphepo podutsa mbali zake zonse ziwiri imalikokera kutsogolo ndi cham'mbali nthawi imodzi. Thupi la chombo limene lili m'madzi limakana kupita cham'mbali, motero chimene chimatsala ndi kupita kutsogolo. Tayesani kufinya njere ya dzungu yonyowa pakati pa zala ziwiri, muona kuti ithawira kutsogolo. Chala chimodzi ndi mphepo, chinacho ndi madzi. Kumene chombo sichingathe ndi kulunjika m'maso mwenimweni mwa mphepo. N'chifukwa chake woyendetsa amapita mokhotakhota, uku ndi uku, monga amachitira munthu wosenza katundu pokwera phiri.

Tsono mphamvu ija yokankhira cham'mbali ndi imene imapendeketsa chombo. Ikachuluka kuposa kulemera kwa chombo, chombo chimagubuduka. Njira yachangu yoichotsera ndi imodzi yokha, kulekerera chingwe cha pa ngodya ya thanga kuti mphepo itayike. Chingwe chimenechi ndicho chimawonjezera liwiro, ndichonso buleki. Wochimanga mfundo yosamasuka ali ngati woyendetsa galimoto amene wachotsa buleki potsika mapiri a pa msewu wochokera ku Lichinga kubwera ku Metangula.

Palinso masamu ena amene aliyense wokwera chombo ayenera kuwadziwa. Mphepo ikawonjezera liwiro lake kawiri, mphamvu yake pa thanga imawonjezeka kanayi. Ikawonjezera katatu, mphamvuyo imawonjezeka ka 9. Ndiye kuti thanga limene linali loyenera m'mawa likhoza kukhala msampha pofika masana. Woyendetsa wanzeru amachepetsa thanga pamene wangoyamba kukayikira, popinda gawo la nsalu ndi kulimanga, kapena kukweza thanga laling'ono, kapenanso kulitsitsiratu. Akadikira kuti aone ngati mphepo ikuladi, ntchito imene ikanatheka ndi anthu awiri imakanika anthu asanu.

Mphepo za nyanja yathu mukuzidziwa kuposa ine, koma ndibwereze chifukwa cha ana asukulu. Mwera umachokera kumwera chakum'mawa m'nyengo yozizira, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo umatha kuwomba masiku angapo osapuma. Poti nyanja yathu ndi yaitali makilomita opitirira 500 ndipo inagona motsata njira ya mwera, mafunde amapeza mtunda wokwanira kuti akule. Mpoto umabwera m'nyengo ya mvula, kawirikawiri modzidzimutsa, pamodzi ndi mitambo yakuda. Vuma amachokera kum'mawa, ndipo kwa ife a tsidya lino ndi wachinyengo. Popeza amatsika kuchokera kumapiri athu, pagombe madzi amaoneka bata, koma mukangotalikira kumtunda mumapeza kuti kubwerera ndi nkhondo.

Tibwere tsopano ku mfundo zenizenizo. M'chilankhulo chathu mawu akuti mfundo ali pawiri. Pali mfundo ya chingwe, palinso mfundo ya pa msonkhano. Mkulu wina wa ku Chuanga anandiseketsa pondiuza kuti zonse ziwiri zimayesedwa mofanana: yabwino imagwira zinthu zikavuta, ndipo imamasuka popanda mpeni. Mfundo za amalinyero zilipo zambirimbiri, koma zinayi izi zikhoza kukukwanirani. Ndiziperekanso ndi mayina ake a Chipwitikizi kuti mukakumana ndi amalinyero a ku Pemba kapena ku Beira mudzamvane.

Yoyamba ndi ya diso losathina, lais de guia. Pindani chingwe kuti mupange kabowo kakang'ono, mbali yopita kunsonga ikhale pamwamba. Lowetsani nsonga m'kabowomo kuchokera pansi, muizungulitse kuseri kwa chingwe chachikulu, kenaka muibweze m'kabowo momwemo mmene inatulukira, ndipo kokani. Mupeza diso limene silikula kapena kuchepa ngakhale mukoke chotani. Ndi yomangira chombo pa mtengo kapena pa doko, ndiponso ndi imene mumaponyera munthu amene wagwera m'madzi kuti adzikoloweke m'khwapa, chifukwa siimufinya chifuwa. Katundu akachoka imamasuka mosavuta. Koma dziwani kuti siimasuka pamene chingwe chili chokungika, choncho si ya pa ngodya ya thanga kumbali imene mwagwira. Pa chingwe choterera siyani mchira wautali.

Yachiwiri ndi yolumikizira zingwe ziwiri, nó de escota. Asodzi mukuidziwa kale, chifukwa ndi yomwe ija mumamanga poluka kapena posoka ukonde. Chingwe chonenepa muchipinde ngati mbedza. Chowonda chilowe m'mbedzamo kuchokera pansi, chizungulire kuseri kwa miyendo yonse iwiri ya mbedzayo, kenaka chidzilowe pansi pa icho chokha. Ngati zingwezo ndi za pulasitiki, zungulizani kawiri. Imeneyi ndi imene mkulu uja analumikizira chingwe chathu chodulidwa chija tili pakati pa nyanja.

Yachitatu ndi nó direito, yomangira thanga likapindidwa. Nsonga ya kumanja ipite pamwamba pa ya kumanzere, kenaka ya kumanzere ipite pamwamba pa ya kumanja. Ikamangidwa bwino imagona mosalala. Mukabwereza mbali imodzi kawiri mumapeza mfundo ina yonyenga, imene imapulumuka pamene mukufuna kuti igwire, nkuthina pamene mukufuna kuti imasuke. Ndipo ngakhale nó direito yomangidwa bwino musailumikizire zingwe ziwiri zonyamula katundu wolemera kapena munthu, chifukwa imatha kutembenuka nkupulumuka.

Yachinayi ndi ya chingwe chija chinatsala pang'ono kutipha. Kunena zoona, pamenepa sipafunika mfundo konse. Kulungani chingwe kamodzi pa chikhomo kapena pa thabwa kuti kulemera kuchepe, nsonga ikhale m'manja mwanu. Mphepo ikakhala yodekha ndipo mukufunadi kupumitsa manja, musalowetse nsonga yonse ayi, koma pindani chingwe mulowetse chopindikacho, monga timamangira chingwe cha nsapato, kuti mukangokoka mchira kamodzi zonse zimasuke. Mchirawo ukhale pafupi ndi dzanja lanu, osati pansi pa thumba kapena pansi pa phazi la wokwera. Ndipo mpeni wakuthwa uzikhala pamalo amodzi odziwika kwa onse ogwira ntchito m'chombo.

Kunena za zingwe zenizenizo, mfundo iliyonse imafooketsa chingwe, nthawi zina mpaka theka la mphamvu yake, chifukwa ulusi wa kunja kwa popindikapo ndi umene umasenza katundu wambiri. Choncho chingwe chokhala ndi mfundo zisanu zolumikiza si chingwe chodalirika. Chingwe cha khonje chimaola mukachisunga chonyowa. Chingwe cha pulasitiki chobiriwira chija timagula m'misika sichiola, koma dzuwa limachidya. Chipotokoleni muone m'kati: ngati mukutuluka fumbi kapena ulusi ukuthothoka, chipititseni kukamanga mbuzi. Cha nayiloni chimatamuka, motero ndi chabwino pa nangula chifukwa chimameza kugwedeza kwa mafunde. Chingwe cha nangula chizitalika kasanu kuposa kuya kwa madzi, kuti chizikoka nangula chogona, osati chomuzula. Koma chingwe choyenera kuchiyang'ana kwambiri ndi chokwezera mtengo wa thanga, makamaka pamene chimakhuzana ndi mutu wa mlongoti. Pamenepo ndi pamene chimaperepeseka, ndipo palibe amakweza maso kuyang'anako. Chikaduka, mtengo wonse uja umagwera pamitu ya anthu.

Mwina mwana wa bambo a ku Ngoo anena kuti, mwaona, zonsezi ndi chifukwa chake ndikufuna injini. Mphwanga, tamvera mbiri ya nyanja ino.

Zombo za thanga zinafika kuno cha m'ma 1840 ndi amalonda a Chiswahili ochokera kunyanja yamchere. Jumbe wa ku Nkhotakota ankazigwiritsa ntchito powolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kubwera tsidya lino, paulendo wopita ku Kilwa. Chiyambi chake ndi chowawa, koma makolo athu anatenga lusolo nalisandutsa lawo. Pa nkhondo imene inatha mu 1992, pamene misewu inatsekeka ndipo petulo kunalibe, mabwato ndi zombo ndi zimene zinawolotsa mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja muno kuthawira ku Likoma ndi ku Malawi. Amayi anga amandiuza kuti ine ndinawoloka ndili kumsana, usiku, popanda nyali. Injini ikanalira usiku umenewo, sindikudziwa ngati bwenzi ndikulemba pano.

Nyanjayi yamizapo zombo za mitundu yonse iwiri. Mu Seputembala 1895 Bishopu Chauncy Maples anamira pamodzi ndi mnzake Joseph Williams pamene boti lawo la thanga linagubuduka ndi namondwe, ali paulendo wobwerera ku Likoma. Manda ake ali ku Nkhotakota, ndipo sitima imene inayamba kuyenda pa nyanja ino mu 1901 inatchedwa dzina lake. Koma pa 30 Julayi 1946, m'nyengo yomwe ino ya mwera, sitima ya injini yotchedwa Vipya, yatsopano, yachitsulo, inagubuduka kumpoto kwa nyanja ndipo anthu 145 anafa. Injini imakufikitsa msanga, koma siichepetsa funde ngakhale limodzi. Munthu amene anaphunzira pa thanga amakhala atazolowera kuwerenga mtundu wa madzi, mitambo ya pa mapiri ndi kusintha kwa mphepo pa tsaya lake, chifukwa popanda zimenezo sayenda. Amene anayambira pa injini kawirikawiri amangoyang'ana kutsogolo ndi m'thanki.

Ndipo thanga si la agogo okha ayi. Kumaiko a anzathu kuli mipikisano ya mabwato a thanga yowoloka nyanja zamchere, ndipo anthu amaitsatira monga timatsatira mpira. Umodzi mwa iyo ndi Golden Globe Race, wozungulira dziko lonse lapansi munthu ali yekhayekha m'boti, osaima padoko lililonse, osagwiritsa ntchito makina amakono olozera njira, koma dzuwa, nyenyezi ndi mapu a pepala. Pa 4 Seputembala 2022 anthu 16 ananyamuka ku Les Sables-d'Olonne m'dziko la France. Mmodzi yekha mwa iwo anali wamkazi, Kirsten Neuschäfer wa ku South Africa kuno, ndi boti lake Minnehaha la mamita 11. M'mwezi wa Novembala boti la mnzake wina, Tapio Lehtinen wa ku Finland, linamira m'nyanja ya India. Mayiyu anasiya njira yake, nakamupeza ali pa kabwato kopopa, namutola. Atamupereka ku sitima ya katundu anapitiriza ulendo, ndipo pa 27 Epulo 2023 anamaliza ulendo napambana mpikisanowo, atakhala panyanja masiku pafupifupi 235. Mwa anthu 16 aja, atatu okha ndi amene anamaliza osaima paliponse. Ambiri anagonja chifukwa cha zinthu zothyoka: milongoti, zida zowongolera, zomangira. Mpikisano wotere amapambana ndi munthu amene tsiku lililonse amayendera zingwe zake ndi kuchepetsa thanga nthawi isanathe.

Nawonso anzathuwa anaphunzira ndi maliro. Mu Ogasiti 1979 mabwato 303 analowa mpikisano wa Fastnet pakati pa England ndi Ireland. Namondwe anawapeza usiku, ndipo opikisana 15 anafa. Zitachitika zimenezo malamulo anakhwimitsidwa, makamaka pa za matanga ang'onoang'ono a namondwe, wailesi zolankhulirana, ndi luso limene munthu ayenera kukhala nalo asanaloledwe kulowa mpikisano. Taonani, anthu a ndalama zawo, a mabwato odula, anafika pa nzeru yomwe ija ya mkulu wa ku Cóbuè: chepetsa msanga, masula msanga.

Ngakhale liwiro la sitima zikuluzikulu mpaka lero amaliyeza ndi mfundo. Kale amalinyero ankaponya m'madzi kathabwa komangidwa ku chingwe chokhala ndi mfundo pa mamita 14 alionse, nawerenga mfundo zimene zadutsa m'manja pa masekondi 28. Zikadutsa zisanu, ndiye kuti sitima ikuyenda mfundo zisanu. Mfundo imodzi ya liwiro, nó m'Chipwitikizi, ndi mamita 1852 pa ola.

Kwathu konkuno nako, pa masewera a Olimpiki a ku Tokyo amene anachitika mu 2021, dziko la Moçambique linatumiza atsikana atatu okapikisana pa mabwato a thanga: Deisy Nhaquile, Denise Parruque ndi Maria Machava. Ine ndikamaona ana a ku Messumba akukweza thumba la feteleza pa bango m'kabwato kawo, nkumathamangitsana madzulo, ndimati luso lilipo kale m'magazi, chosowa ndi wowaphunzitsa.

Mfundo ina imene sindingaisiye ndi ya katundu. Tsiku lija chombo chathu chinachedwa kumvera chiwongolero chifukwa chinali cholemedwa, ndipo matumba osamangidwa anatsetserekera mbali yomira. Pa 7 Epulo 2024 boti la asodzi limene linanyamula anthu pafupifupi 130 kuchokera ku Lunga kupita ku Ilha de Moçambique m'chigawo cha Nampula linamira, ndipo anthu pafupifupi 100 anafa, ambiri mwa iwo ana. Tonse tinalira, koma lero lomwe pa madoko athu mukapeza woyendetsa akuwonjezera thumba lina pamene madzi atsala chikhatho chimodzi kuti alowe. Katundu wolemera azikhala pansi ndi pakati, ndipo amangidwe. Okwera nanu muli ndi pakamwa. Mukaona chombo chadzaza, tsikani, mudikire china. Eni zombo, yesetsani kugula majekete oyandamitsa, mungayambe ndi a ana. Kuchedwa kufika kuli bwino kuposa kukafika m'nyuzi.

Tsopano ndiyankhe kalata ija.

Iwe mphwanga wa ku Ngoo, injini si tchimo. Pa tsiku la bata, wodwala ali m'chombo, injini imapulumutsa moyo, ndipo nsomba zimafika pa msika zisanaole. Ngati masamu a ngongole akutuluka, gula. Koma mlongoti usauzule. Injini imazima chifukwa cha dontho la madzi m'petulo kapena pulagi yakuda, ndipo siisankha malo ozimira. Petulo amachokera kutali ndipo mtengo wake sutsika, pamene mwera sunafunsepo munthu metikali ngakhale imodzi. Ukakhala ndi zonse ziwiri, upita ndi mphepo ukabwera ndi injini, ndipo ngongole ija uibweza msanga. Usanagwire injiniyo, khala chaka chimodzi pambali pa bambo ako, mwera umodzi, vuma mmodzi ndi mpoto umodzi. Zimene akudziwa sizinalembedwe m'buku lililonse, ndipo tsiku limene adzapite adzapita nazo. Paja mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma panyanja ena sapatsidwa mpata woti awagoneze.

Inunso bambo, ndikupempheni mwaulemu. Akuluakulu ambiri a zombo amaphunzitsa ndi kukalipa kokha. Mwana amauzidwa "koka", "leka", "masula", osauzidwa chifukwa chake. Mdzukulu uja wa ku Cóbuè sanali wopusa ayi, kungoti panalibe anamufotokozerapo kuti mfundo yonyowa ikalemedwa imathina. Khalani naye pansi mwana wanu madzulo pa mchenga, chingwe chili m'manja. Amange mfundo zinayi zija akuona, kenaka atatsinzina, kenaka manja ali m'madzi, pakuti namondwe sabwera masana okha. Mumpatse chiwongolero tsiku la mphepo yabwino, inu mukhale chete, alakwe pamene kulakwa sikupha. Ndipo ana aakazi musawasiye kunja, poti mwamva nokha zimene anachita mayi wa ku South Africa uja.

Aphunzitsi a m'sukulu za m'mbali mwa nyanja, chingwe cha mamita awiri sichidula. Bwanji osaitana mkulu mmodzi wa zombo Lachisanu lina masana kuti adzaonetse ana?

Mnyamata uja ndinakumana nayenso pa doko la Cóbuè m'mwezi wa Meyi chaka chino. Anandizindikira, nachita manyazi pang'ono, kenaka anatenga chingwe nandimangira lais de guia ndi dzanja limodzi akuyang'ana kumbali. Ine ndinayesa ndi manja awiri, ndinalephera kawiri. Agogo ake anali chikhalire kumbuyo kwa chombo, maso ali kumwera.

Sabata yamawa tidzakamba za kumata ming'alu ya chombo ndi mitengo yoyenera matabwa, poti ambiri mwadandaula kuti mitengo yabwino ikusowa. Amene muli ndi mayina a mfundo ndi zingwe monga amatchulira kwanuko, lemberani kuno ku tsamba lino kapena mundipeze ku wailesi, kuti tiwasunge asanatayike. Bambo a ku Ngoo, mudzatiuze mmene nkhani yathera.

Tsalani bwino, ndipo woyenda panyanja ayende ndi maso.

Ine wanu wa pagombe.